Usatsike Nawo pa Uliwa

Mwenilondo,
Karonga.

Mwana wanga Tumpale,

Usadabwe kuti ndikukulembera kalata pamene tikugona nyumba imodzi. Ndayesa kukuyankhula sabata yonseyi, koma ndikangotsegula pakamwa misozi imatsogola, iwe n'kuyamba kunditonthoza, nkhani n'kuthera pomwepo. Komanso pakhomo pano sipakutha anthu obwera kudzakutsanzika, ndipo ena mwa iwo sasunga mawu. Ndalemba m'Chichewa chifukwa ndicho ndinaphunzira kulemba pa zaka zochepa zimene ndinakhala pasukulu. Chitumbuka cha kwathu ku Ngara ndi Chinkhonde cha abambo ako zimayenda bwino pakamwa, koma papepala zimandikana. Pamene ndalakwitsa usaseke. Panopa wapita kukatsanzikana ndi anzako a kwaya, ine ndakhala pakhonde ndi cholembera chako.

Mawa ukunyamuka kupita ku Lilongwe kukaphunzira unamwino. Abambo ako aakulu anena kuti akuperekeza, ndipo mukafika pa Uliwa mutsike, akakuonetse kwa sing'anga wawo uja kuti akutemere mphini zokuteteza, kenako ukwere basi ina. Unali pomwepo pamene amanena. Ine ndinali pamkeka cha kukhomo, monga amakhalira mkazi wokwatiwa pamudzi wa eni, ndipo sindinanene kanthu. Titatsala awiri unandiuza kuti, "Amama, tingochita kuti nkhani ithe. Ndi tizilonda ting'onoting'ono basi, bulauzi ibisa." Ndinamva chimene unatanthauza. Unamva mmene ananenera, kuti mkazi wosokoneza mwana wawo asiye dimba la mpunga ndi nyumba ya m'bale wawo, abwerere kwawo kumene anachokera. Ukufuna kuvomera chifukwa cha ine. Ndiye kalata yonseyi ikunena chinthu chimodzi, mwana wanga: usatsike nawo pa Uliwa.

Abambo ako aakulu si munthu woipa, ndipo usadzawaone choncho. Anagulitsa ng'ombe yawo yolimira kuti iwe upite kusukulu imeneyi. Kuno ana ndi a kuchimuna, ng'ombe za malowolo zinapita kale kwathu, ndipo malemu abambo ako atatisiya, mawu pa iwe ndi awo. Chimene chikuwavuta ndi mantha. Amati pabanja pano aliyense amene wayamba kukwera amagwetsedwa. Mantha ine ndimawadziwa kuposa iwo. Ana awiri amene anabadwa iwe usanabadwe ndinawaika m'manda asanayambe kukwawa, ndipo kuyambira pamenepo ukangotsokomola ine tulo timatha. Ndikuuze zoona, atatchula za mphinizo mtima wanga unayamba wapepuka. Ndinati mumtima, mwina ndizigona. Unamva kuti Satana amabwera ndi mowa kapena ndi amuna a magalimoto. Kwa ine sabwera choncho. Kwa ine amabwera ndi mawu akuti, teteza mwana wako.

Kale ndinkaganiza kuti mavuto ndi mayesero ndi chinthu chimodzi. Tsopano ndikuona kuti ndi zinthu ziwiri zoyendera limodzi, ngati madzi osefukira ndi ng'ona. Madzi akasefukira amalowa m'nyumba ya wopemphera ndi ya wosapemphera, safunsa. Koma m'madzi omwewo mumabwera ng'ona mwakachetechete. Madzi amanyowetsa, amawononga, kenako amaphwa. Ng'ona ikakugwira imapita nawe. Ine madzi andipeza kambiri, ndipo ng'ona ndayipatsa mwendo kangapo. Ndikufuna udziwe mmene zinachitikira kuti iwe usadzaponde pamene ndinaponda ine.

Nthawi ya chivomezi chija unali wamng'ono, sungakumbuke. Nyumba zinagwa, zina zinang'ambika, tonse tinkagona panja. Nthaka itakhazikika anthu anayamba kubwerera m'nyumba zawo. Yathu inali ndi mng'alu umodzi wokha, abambo ako anaumata bwinobwino, koma ine ndinakana kulowa. Ndinkagona nawe pansi pa mtengo wa mango, mvula ikugwa, udzudzu ukuimba. Abambo ako ankaima pakhomo n'kunena kuti, "Amake Tumpale, nthaka inasiya kale kunjenjemera, mwatsala ndinu." Ine ndinkati iwo alibe chisoni ndi mwana. Mapeto ake unadwala malungo aakulu, maso anatembenuka, anakuika madzi a m'botolo kuchipatala. Nyumba imene ndinkaiopayo ndi yomweyi tikugonamo mpaka lero. Khoma silinakugwere, Tumpale. Chimene chinatsala pang'ono kukupha ndi chitetezo changa. Munthu wamantha akati ndikuteteza, uzimufunsa kaye kuti akukutengera kuti. Ngakhale munthuyo akhale ine.

Chaka chimene madzi anakokolola mpunga wonse ukuchikumbukira, unali utayamba sukulu. Tinatsala ndi chinangwa chowawa chokha. Ukudziwa kuti chinangwa chimenechi chimafuna kuviikidwa m'madzi mpaka chifewe chonse, ululu wake utuluke, ndiye uchiyanike chiume. Sichimva zoti munthu ali ndi njala. Tsiku limenelo unalira kuyambira m'mawa, ine mtima unandipweteka. Ndinapita kukachivuula chikadali cholimba pakati. Ndinachiyanika pang'ono, ndinasinja, ndinaphika kondowole. Ndinati kamodzi kokha sikangavute. Madzulo unayamba kusanza, mutu ukuzungulira, miyendo ikukana kuima. Abambo ako anakuthamangitsira kuchipatala pa njinga. Namwino wake anali wa kumwera, anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mayi, chinangwacho chinafewa?" Ndinayang'ana pansi. Njala ija inali vuto, mwana wanga, ndipo sinali tchimo la munthu aliyense. Koma kamawu kakuti fulumira, tuluka msanga m'vutoli, njira iliyonse ndi njira, kameneko kanali chiyeso. Mavuto ena safuna kuvuulidwa msanga.

Koma choipa kwambiri chinachitika titabwerako kuchipatala. Tinapeza abambo ako aakulu atapita kale ku Uliwa, kwa munthu yemweyu akufuna kukutengerako mawa. Anawauza kuti wakulodza ndi a Nyakaonga, mayi wamasiye wokalamba uja ankakhala kuseri kwa nthochi zathu, chifukwa dzulo lake anakupatsa nthochi yakupsa. Pamenepo pokha m'moyo wanga ndinaimirira pakati pa amuna. Ndinati, "Alamu, si a Nyakaonga. Ndi chinangwa changa, ndinavuula chisanafewe." Iwo anaseka n'kuti, "Mlamu, khalani pansi. Chinangwa tinayamba kudya inu musanabadwe. Mwasokonezeka ndi kugona m'chipatala." Abambo ako anayesa kundithandiza, koma wamng'ono saposa mkulu wake pabwalo. Anyamata anagenda nyumba ya mayi uja, anawotcha khitchini yake. Anathawira kwa mwana wake kumapiri, ndipo anamwalirira komweko. Munthu amene ankakusungira nthochi. Ndinaona tsiku limenelo kuti anthu akavutika safuna kumva kuti ndi chinangwa, kapena udzudzu, kapena mvula. Amafuna nkhope ya munthu. Amene amagulitsa chitetezo amagulitsanso adani, chifukwa popanda mdani malonda ake sayenda. Usatsike nawo pa Uliwa, Tumpale.

Usaganize kuti ine ndinachenjera kuchokera pamenepo. Abambo ako atayamba kutupa miyendo, achipatala atanena kuti ndi impso, achibale anati tipite nawo kwa sing'anga. Ndinakana, ndipo ndinkadzitama mumtima kuti ine ndine Mkhristu. Koma kutabwera mneneri wina ndi tenti yake ku Boma, ndinawakweza abambo ako pa njinga yamoto n'kupita nawo. Ndinati uyu ndi wosiyana, akutchula dzina la Yesu. Anali ndi suti yoyera ndi timabotolo ta mafuta. Anawagwira pamutu n'kufuula kuti, "Mdani wanu sali kutali, mumadya naye mbale imodzi!" Ndinabwerako ndikuyang'ana aliyense ndi diso lina. Azakhali ako akabweretsa phala ndinkalitaya kuseri. Mnzanga wa kudimba akafunsa za odwala ndinkati akufuna kudziwa ngati mankhwala ake agwira. Tsiku lina abambo ako anandiitana, mawu atachepa kale, n'kuti, "Amake Tumpale, munthu wanu uja ndi wa pa Uliwa yemwe uja, wangovala suti. Ndisiyeni ndidye phala la mlongo wanga." Masiku amene ndikanakhala nawo pamphasa ndikuwasisita miyendo ndinawathera posaka mfiti. Masiku amenewo sabwerera. Kumene ukupitako akuti otere ndi ambiri, ali ndi zokuzira mawu ndi magalimoto. Aliyense amene adzakulonjeze kuti ukabwera kwa iye sudzavutikanso, kapena amene adzakuuze dzina la amene akukuvutitsa, kaya wanyamula nsupa kaya wavala tayi, udzatembenuke n'kubwerera.

Abambo ako atamwalira ndinasiya kupita kutchalitchi, iwe unkapita wekha. Unkaganiza kuti ndi chisoni chabe. Unali mkwiyo. Ndinkawerengera Mulungu zimene ndinamuchitira. Ndinasesa m'nyumba yake kuyambira ndili mtsikana, ndinaphika pamaliro a anthu onse, sindinabe, sindinayende ndi mwamuna wa mwini. Ndiye malipiro ake ndi manda atatu? Amene anandibweza ndi mayi Banda, mkazi wa aphunzitsi uja wa ku Dedza. Sanabwere ndi ulaliki. Anabwera ndi chitenje chakale n'kulowa nane m'matope kuzula udzu mu mpunga, ngakhale kwawo mpunga salima ndipo ankazula mpunga womwe. Nditamukhuthulira zonse anaweramuka, anagwira m'chiuno n'kuti, "Koma amake Tumpale, kodi Mulunguyu munamulemba ganyu? Munagwirizana kuti inu muzisesa, Iye azilondera amuna anu?" Ndinakwiya, ndinati, "Inu mukunena chifukwa amuna anu ali moyo." Iye anati, "Eya, ali moyo, akujona mpaka pano. Koma mwana wanga woyamba ali pansi ku Dedza, ndipo ndinamuika nditavala yunifomu ya amayi a mumpingo." Tinazula udzu mpaka dzuwa kupendeka. Lamulungu lotsatira anadzandigogodera.

Ndiye ukandifunsa kuti mavuto amatanthauza chiyani kwa Mkhristu, sindikunamiza kuti ndikudziwa zonse. Abusa amati amatiyenga ngati chitsulo pamoto. Mwina ndi choncho. Ena anandiphunzitsadi kanthu. Lero pakagwa maliro ndimadziwa kukhala pafupi ndi wamasiye osamuuza kuti asalire, ndipo akazi ena amandiitana ine asanaitane abale awo. Zimenezo sindikanazidziwa. Koma ena sanandiphunzitse chilichonse chimene ndingaloze. Ana anga awiri aja sindikudziwa chifukwa chake mpaka lero, ndipo ndasiya kuyembekezera kuti ndidzadziwa ndili pansi pano. Chimene ndagwira ndi ichi chokha. Ambuye wathu yemwe anavutika, anachita mantha, anapempha kuti zimupitirire, ndipo sizinamupitirire. Panali njira zachidule zimene anamuonetsa, anazikana. Ngati zinatero ndi Mwana wa Mwini wake, ndiye kuti kuvutika si chizindikiro choti Kyala, Mulungu wathu, wakutaya, ndiponso si chizindikiro choti wina wakulodza. Chikhristu si mpanda woti mavuto asalowe. Ndi kukhala ndi amene sakuthawa mavutowo akalowa. Ndi zochepa, ndikudziwa. Masiku ena zimandikwanira, masiku ena sizindikwanira, koma ndilibe zina zoona zoti ndikupatse.

Iwe ukuti ndi tizilonda ting'onoting'ono. Pakhungu n'zoona, timapola msanga, ngakhale lumo lakelo sindikudziwa kuti latema anthu angati, ndipo iwe wopita ku unamwino ukudziwa bwino za magazi kuposa ine. Koma chimene ndikuopa si khungu. Ukadzakhoza mayeso, kamtima kena kadzati ndi mphini zija. Ukadzalephera, kadzati zatha mphamvu, bwerera ukawonjezere, ndipo kadzayamba kuyang'ana mnzako wogona naye chipinda chimodzi. Adzakupatsa zoletsa, ichi usadye, apa usadutse, ndipo tsiku limene udzaiwale udzagona ndi mantha. Ndawaona amene anayamba ndi kungochita kuti nkhani ithe. Nkhani yake siitha. Udzagwada kupemphera, koma dzanja lidzakhala likupapasa pachifuwa. Munthu sakwera mabwato awiri, mwendo uku mwendo uku.

Ndiponso ntchito imene wasankhayi ndi ya pakati pa mavuto. Udzaona ana akufa amene sanalakwe kanthu. Udzaona mayi wopemphera akutuluka m'chipinda manja ali pamutu, woledzera akuchira n'kupita kwawo akuseka. Tsiku lina udzafunsa ngati kumwamba kuli munthu. Likadzafika tsiku limenelo usadzadzione ngati watayika. Kuyesedwa si kuchimwa. Ine ndayesedwa sabata yomwe ino, ndakuuza kale. Udzapemphere ngakhale mawu akhale owuma ngati makaka, udzapite kutchalitchi ngakhale miyendo ikukana, ndipo udzapeze mayi mmodzi wachikulire woti uzimuuza zoona. Usadzakhale wekha ndi maganizo, ine ndinayesa, ndi koipa. Ndipo mayi wina akadzabwera ndi mwana wodwala chifukwa cha kulakwitsa kwake, udzamufunse mofatsa monga anandifunsira namwino uja. Amakhala atadziweruza kale.

Tsopano za mawa. Tikiti udule ya ku Lilongwe, ndipo uisunge wekha. Ukhale mpando wa kuwindo, iwo akhale cha kunjira. Chikwama chachikulu achiike kunsi kwa basi pamodzi ndi katundu wa anthu opita kutali. Basi ikaima pa Uliwa n'kukuuza kuti tiye, usakweze mawu, usawatchule kuti ndi achikunja, usawachititse manyazi pa anthu. Uwombe m'manja mwaulemu, uwathokoze chifukwa cha ng'ombe yawo ndi chikondi chawo, unene kuti, "Tata, ndagha, koma ine sinditsika." Akafunsa chifukwa, unene kuti unabatizidwa, basi. Usachulutse mawu, iwe ukachulutsa mawu umalira ngati ine. Sangakukoke pamaso pa anthu, ndi munthu wosunga ulemu wake. Adzakalipa, mwina adzanena mawu owawa okhudza abambo ako. Uwalole anene. Juzi ija ndaiika pamwamba m'chikwama chaching'ono, uivale mukayamba kukwera mapiri, kumeneko si kotentha ngati kuno. Usagule nyama yowotcha pawindo. Usapatse munthu wosamudziwa foni yako kuti aimbire. Ndikudziwa ndanena kale zimenezi, ndikunenanso.

Sindikulonjeza kuti ukakana zonse zidzayenda bwino. Ndikanakonda ndikanatha kulonjeza. Mwina udzadwala mwezi woyamba womwe, malungo kapena m'mimba, ndipo kuno adzati mwaona, tinanena. Mwina udzalephera mayeso ena. Mwina chidzachitika choposa pamenepo, chimene dzanja langa likukana kulemba. Ndakhala ndikuchiganizira masiku onsewa, ndipo ndikudziwa kuti chikadzachitika mudzi wonse udzaloza ine. Komabe ndikuti usatsike. Ndakusunga ndi mantha zaka zonsezi, ndakuletsa kusambira, ndakuletsa kukwera mitengo, ndinkakudikira panjira ukachedwa ku kwaya mpaka anzako ankakuseka. Kumene ukupitako maso anga safikako. Ndikuyenera kukupereka m'manja mwa wina, ndipo pa manja awiri amene ali patsogolo pangawa ndasankha a Mulungu, ngakhale Iye sanandilonjeze kuti adzakubweza.

Chatsala ndi chimene chikukulemetsa, nkhani ya ine. Lachinayi ndinakuuza kuti ndikupita ku Ngara kukagula usipa woti unyamule. Usipawo ndinaguladi, koma ndinapitira kukaonana ndi amalume ako. Ndinawafotokozera zonse. Iwo anati, "Mlongo wanga, kanyumba kosungira maukonde kali apo. Kamadontha, koma tidzafolera." Pali kamunda ka mchenga kuseri kwake, chinangwa chimabereka. Akazi awo sanaoneke okondwa, ndipo sindikuwadzudzula, pakhomo pawo pali kale pakamwa pambiri. Sindikunamiza kuti ndi zopepuka. Dimba lija ndalipondaponda kuyambira ndili mtsikana wongokwatiwa kumene, ndikudziwa pamene madzi amachedwa ndi pamene amathamanga. Manda a abambo ako ndi a ana anga ali pano, ndipo ndikachoka sindikudziwa ngati adzandilola kumadzasesapo. Ndikaganiza zimenezo chakudya chimandikanika. Mwina abambo ako aakulu mtima udzatsika pakapita nthawi, mwina sudzatsika. Zimenezo ndi mavuto anga, ndi madzi anga, ndipo ndidzawoloka mmene ndawolokera ena. Usawasandutse chiyeso chako. Ukatemedwa chifukwa cha ine, mpunga wa m'dimba limenelo sindidzathanso kuumeza.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukuseka ndi anzako. Ndisiyire pano kuti ndipukute kumaso usanafike. Uwerenge kalatayi uli wekha, ndipo m'mawa usandifunse kanthu pa anthu. Ukadzandiona ndili chete pamkeka, maso ali pansi, usadzaganize kuti ndasintha maganizo. Ndi mmene ndilili basi.

Basi ikaima pa Uliwa usaganize za dimba, usaganize za nyumba. Nthawi imeneyo ine ndidzakhala nditayamba kale kumanga miphika yanga m'chitenje. Iwe ungokhala pampando wako mpaka basi inyamuke.

Mulungu amene sindimumvetsa koma sindingamusiye apite nawe.

Ndine mayi ako,
amake Tumpale.